Mayi Ethel Garbutt, Amene Ankaliza Belu Lomangidwa Lilime

Anamfedwa, ansembe athu, akuluampingo, abale ndi alongo nonse amene mwabwera kudzaperekeza mayi athu, a kubanja andipempha kuti ndiwerenge mbiri yawo. Zambiri ndinaziona ndi maso anga. Zina ndinazimva kwa iwo eni.

Malemu Mayi Ethel Garbutt anabadwa pa 9 Malichi 1907 konkuno ku Ravenby, m'nyumba ya njerwa zofiira imene ili kuseri kwa mpanda wa manda ano. Bambo awo anali a Joseph Stathers, okumba manda ndiponso mkulu wa oliza mabelu pa tchalitchi chino. Mayi awo anali a Hannah. M'banjamo munabadwa ana atatu, ndipo malemuwa anali mzime. Alongo awo awiri anatsogola kalekale: wamkulu anafera ku France pa nkhondo yoyamba, wachiwiri anamira pa nyanja mu 1929 ali pa ntchito yausodzi.

Sukulu anayamba mu 1912 pa sukulu ya mpingo, ndipo anasiya ali ndi zaka khumi ndi zinayi, monga ankachitira ana ambiri masiku amenewo. Aphunzitsi awo ankati mwanayu ndi wanzeru, vuto lake amayankha asanafunsidwe. Khalidwe limeneli sanalisiye mpaka tsiku lawo lomaliza. Atachoka ku sukulu analembedwa ntchito pa positi ofesi, yogawa makalata pa njinga. Anapuma atakwatiwa, anabwereranso nkhondo itayamba mu 1939, ndipo anagwira mpaka 1967. M'mudzi muno mulibe chitseko chimene sanagogodepo, ndipo agalu onse ankawadziwa.

Koma ntchito imene Mulungu anawaitanira inali m'nsanja iyi. Nthawi imeneyo mkazi ankakwera m'nsanja kukasesa basi. Bambo Stathers ataona kuti ana awo aamuna apita, anayamba kuphunzitsa mwana wawo wamkazi kugwira chingwe, anthu ena asakudziwa. Anawaphunzitsa mabelu onse asanu ndi limodzi, mpaka lalikulu lija timalitcha Martha Wamkulu, limene timaliza pa maliro.

Chifukwa cha ana ndi alendo amene ali pakati pathu, ndifotokoze mwambo wake. Munthu akamwalira, Martha Wamkulu amalira katatu, katatu, katatu ngati ndi mwamuna. Ngati ndi mkazi, katatu ndi katatu. Ngati ndi mwana, katatu kokha. Akapuma pang'ono, amaliranso kamodzi pa chaka chilichonse chimene munthuyo anakhala pa dziko. Wolima kumunda amaima, n'kuvula chipewa, n'kumawerenga, ndipo pofika kumapeto amakhala atadziwa amene wapita. Bambo Stathers anali ndi lamulo limene analandira kwa bambo awo, lakuti aliyense wogona m'nthaka ino alandire belu lake, kaya ndi mwini minda, kaya ndi wopemphapempha, kaya ndi mlendo amene nyanja yam'lavulira ku gombe. Mlendo wosadziwika zaka ankamulizira zisanu ndi zinayi zoyambirira zija, zaka n'kuzisiya mpaka zitadziwika. Ankati Mulungu anawerenga kale masiku a munthu aliyense, ndiye si kwa ife kumupekera.

Mu 1930 malemuwa anakwatiwa ndi Bambo Walter Garbutt, osula zitsulo, amene ankaliza belu lachinayi. Ukwati anadalitsira pa guwa lomweli. Bambo Walter ankakonda kunena kuti, "Atsikana onse ankandiyamikira mphamvu. Uyu yekha ndi amene anandiuza kuti belu langa limachedwa. Ndinati basi, mkazi ndam'peza." Mulungu anawapatsa ana atatu: Edith mu 1933, Norman mu 1937, ndi Hilda mu 1940.

Mu Juni 1940 boma linalamula kuti mabelu onse a matchalitchi akhale chete. Belu linkayenera kulira pokhapokha ngati Ajeremani atera m'dziko muno, kuti anthu adziwe. Wolakwira lamuloli ankapita ku khoti. Amuna oliza mabelu anali atapita ku nkhondo, kupatula Bambo Walter amene boma linawasiya chifukwa cha ntchito yawo, ndi Bambo Stathers amene anali atakalamba. Usiku ndege zinkadutsa pamwamba pathu kupita ku Hull, ndipo m'mawa tinkaona utsi kumwera. Lamulungu tinkalowa m'tchalitchi ngati anthu olowa m'nyumba ya eni mozemba, opanda chotiitana.

Mu Novembala chaka chomwecho Bambo Stathers anadwala chibayo n'kumwalira. Munthu amene analizira belu anthu a m'mudzi muno zaka makumi anayi anakhala woyamba kuikidwa popanda belu. Asanatsirizike anapereka kiyi wa nsanja kwa mwana wawo, ndipo akuluampingo anavomera kuti Mayi Ethel amusunge mpaka amuna atabwerako.

Tsiku la maliro a bambo awo, Mayi Ethel anauza amuna awo kuti, "Bambo a Edith, boma laletsa kuti belu limveke. Silinaletse kuti ndikoke chingwe. Pitani mukamange lilime." Bambo Walter anakonza lamba wachikopa ndi kathabwa, n'kumanga chitsulo cha m'kati mwa belu chija kuti chisamenye. Bokosi likutsikira m'manda, Mayi Ethel anali m'nsanja kukoka chingwe. Belu linkagwedezeka, matabwa a nsanja ankalira, koma kunja sikunamveke kanthu. Anakoka zisanu ndi zinayi, kenaka zaka 74, osadumpha ngakhale chimodzi. Atatha anatenga choko n'kulemba pa khoma la m'nsanja dzina la bambo awo ndi zaka zawo. Anati, "Mulungu wamva. Anthu adzamva tsiku lake likadzakwana."

Kuyambira pamenepo palibe amene anaikidwa m'manda muno popanda belu lake losamvekalo ndi dzina lake pa khoma. Ndipo poona kuti luso likhoza kufera m'manja mwawo, anasonkhanitsa akazi asanu, ine mmodzi wa iwo, n'kuyamba kutiphunzitsa Loweruka lililonse masana, malilime onse atamangidwa. Tinkakoka zingwe m'chipinda mopanda phokoso, iwo akuwerenga mokweza ndi kutikalipira. "Muriel, chingwe si mchira wa ng'ombe! Gladys, wathamangira kuti, kodi mphika ukupserera?" Gladys tsiku lina anafunsa kuti, "Koma amayi, tikuvutikiranji, poti palibe akumva?" Iwo anati, "Ndege zija zikufuna kuti tiiwale. Tsiku lomasula malilime likadzafika, ndani adzalize, iwe ukakhala utaiwala? Koka."

Abale, tsopano ndafika pa tsiku limene ambiri a ife sitikonda kulitchula. M'mamawa pa 9 Meyi 1941, ndege zikubwerera kwawo kuchokera ku Hull, mabomba anayi anagwa pa mseu wa kumsika. Mayi Ethel anali atapita ku siteshoni kukatenga matumba a makalata. Norman ndi Hilda anali atagona kwa agogo awo. Bambo Walter ndi Edith anali m'nyumba. Tsiku limenelo tinataya anthu asanu ndi awiri. Mwa iwo munali Bambo Walter, a zaka 38, Edith, wa zaka zisanu ndi zitatu, ndi Mayi Annie Medforth, akazi a Bambo Cyril Medforth amene anali mkulu wa mpingo ndiponso mtsogoleri wa alonda a m'mudzi amene boma linawapatsa mfuti. M'mawa womwewo ndege imodzi ya Ajeremani, itawomberedwa, inagwera m'munda wa tirigu chakunyanja. Amene anali m'ndegemo anagwidwa amoyo, koma mmodzi anafera momwemo. Ena amati ndege imeneyo ndiyo inaponya mabomba aja, ena amati inali ina. Akudziwa ndi Mulungu.

Tsiku loika maliro asanu ndi awiriwo, Mayi Ethel anaperekeza amuna awo ndi mwana wawo mpaka pa dzenje, anathirapo dothi, kenaka anakwera m'nsanja. Lilime anamanga okha, poti womanga anali atapita. Ali pa chaka cha makumi awiri cha Bambo Walter, lamba anataya. Martha Wamkulu analira kamodzi, kulira kwenikweni, patatha pafupifupi chaka chathunthu ali chete. Mudzi wonse unati Ajeremani afika. Azimayi ananyamula ana kuthamangira m'maenje obisalamo. Mkulu wina anatuluka ndi chifoloko cha udzu, nsapato kumwendo kumodzi. Bambo Medforth, amene anali atangoika kumene akazi awo, anakwera masitepe a nsanja mfuti ili m'manja.

"Ethel, mwapenga? Anthu onse ali m'maenje!"

"Lamba wataya, a Cyril. Amene ankadziwa kumanga bwino ndi amene ndikuwalizirawa. Ikani mfutiyo pansi mundigwirire makwerero. Ndatsala ndi zaka 18 zawo, kenaka Edith, kenaka akazi anu."

Bambo Medforth anaika mfuti pansi, anagwira makwerero. Anakhala momwemo m'nsanja mpaka zaka 49 za akazi awo zitakokedwa zonse. Ndanena zimenezi kuti a kubanja la Medforth amene ali pano adziwe kuti sitinaiwale mtima wa bambo awo. Apolisi anabwera mawa lake, ansembe anawapepesa, ndipo nkhani inathera pa chenjezo.

Mjeremani uja asilikali athu anamuika pa ngodya ya kumpoto kwa manda ano, pafupi ndi amalinyero osadziwika amene nyanja inawalavulira ku gombe. Pa mtanda wathabwa analemba dzina limene analipeza pa kalata ya m'thumba mwake, Dieter Vollmer. Zaka zake palibe ankazidziwa. Madzulo a tsiku limenelo Mayi Ethel anamukokera zisanu ndi zinayi zosamveka, n'kulemba dzina lake pansi penipeni pa khoma, kutsogolo kwake n'kusiya popanda nambala. Ife asanu tinaona, koma sitinauze munthu. Ine ndinawafunsa ngati mkono sunawalemere. Anati, "Unalemera. Koma wagona m'nthaka ino."

Mu 1942 mwana yekhayo wa Bambo Medforth, Leonard, amene anali mu ndege zathu zokaponya mabomba ku Jeremani, sanabwerere. Kalata inati wasowa. Anaipereka ndi Mayi Ethel, ndi dzanja lawo. Patapita miyezi anafunsa bambo akewo ngati angalembe Leonard pa khoma, poti mwana wa m'mudzi muno akafera kutali timamulizira ndithu. Bambo Medforth anakana. "Mwana wanga sanafe, wangosowa. Musayerekeze kumulemba." Ndipo sanamulembe.

Zaka zitatu zinatha choncho. Tinkadya chakudya chimene boma linkagawa pa makadi, tinkatchinga mawindo ndi nsalu zakuda, tinkaimba nyimbo za Mulungu m'maenje pansi pakugwedezeka. Mayi Ethel ankayambitsa nyimbo ndi mawu okwera kwambiri moti ena tinkalephera kufikapo, ndipo ankati, "Kwezani, amve a m'mwambawo kuti tilipo." Panali masiku owerengeka amene boma linalola mabelu achikondwerero, ndipo akazi asanu ndi mmodzi tinaliza popanda kuphonya, anthu n'kumadabwa kuti tinaphunzira liti. Koma belu la maliro linadikira mpaka kumapeto kwa Meyi 1943, pamene lamulo lija linachotsedwa lonse. Pa khoma panali mayina 26.

Mayi Ethel anapempha akuluampingo kuti awalole kuliza mayina onsewo mokweza tsiku limodzi. Onse anakondwa, mpaka pamene mlembi anakwera m'nsanja kukakopera mayinawo n'kupeza la pansi penipeni lija. Msonkhano unaitanidwa. Ine ndinalipo, ndinakhala kumbuyo. Bambo Medforth anaimirira n'kunena kuti belu limene lilire akazi awo silingalirenso wakupha. Ambiri anavomereza, ndipo sindiwaweruza, chifukwa panalibe nyumba yopanda bala. Anagwirizana kuti mayina ndi 25, ndipo ngati Mayi Ethel aonjezere limodzi, abweze kiyi tsiku lomwelo, asadzapondenso m'nsanja.

Muganize, abale. Nyumba yawo inali itagwa. Amuna awo ndi mwana wawo anali m'manda. Chimene chinawatsalira cha bambo awo ndi cha agogo awo chinali kiyi ameneyo. Ansembe anawanong'oneza kuti, "Mayi, mwamulizira kale mwakachetechete, Mulungu anamva. Ingosiyani." Koma iwo anaimirira.

"Inu akuluakulu, ine ndiye ndikudziwa bwino zimene ndege zija zinachita. Ndinafukula Edith ndi manja angawa. Anditengera mwamuna, anditengera mwana, anditengera denga. Tsopano mukufuna ndiwapatsenso lamulo la bambo anga? Limeneli sindiwapatsa. Belu silifunsa kuti munthu anachimwa bwanji. Likadafunsa, theka la ogona kunjaku sakadalilandira."

Kenaka ananena mawu amene anadzawalapa pambuyo pake. Anayang'ana Bambo Medforth n'kunena kuti, "Leonard wanu wagona m'nthaka ya eni. Ine ndikanakonda kuti kumeneko kupezeke mkazi wouma mutu womulizira." Bambo Medforth anatenga chipewa chawo n'kutuluka. Zaka zambiri pambuyo pake Mayi Ethel anandiuza kuti, "Mawu aja anali oona, koma sindinayenera kuwanena pagulu, kwa bambo amene anali kudikirabe mwana wake pa geti. Pamenepo ndinachimwa."

Loweruka pa 12 Juni 1943 malilime anamasulidwa. Tinayamba 8 koloko m'mawa. Mudzi wonse unali m'manda muno, banja lililonse pa mitumbira ya abale awo. Ansembe ankatchula dzina pa khomo la tchalitchi, ife m'mwamba n'kumaliza, kuyambira Bambo Stathers, motsatana ndi mmene anthu anamwalirira. Tinkalandizana chingwe, koma la bambo awo, la amuna awo, la Edith ndi la Mayi Annie Medforth analiza okha. Pa la Edith, katatu kenaka kasanu ndi katatu, belu linatha msanga kwambiri moti amuna akuluakulu analira mokweza. Dzina la 25 linatha cha m'ma 3 koloko masana. M'manja mwathu munali matuza. Anthu anavala zipewa, ena anali atafika kale pa geti.

Pamenepo Mayi Ethel anati, "Atsikana, tsikani. Ili ndi langa ndekha, musalowemo." Sitinatsike. Anagwira chingwe. Katatu. Katatu. Katatu. Kenaka chete, popanda zaka. Aliyense m'mudzi muno ankadziwa mwambo, ndiye aliyense anadziwa amene walilidwa. Anapachika chingwe bwinobwino, anatsika masitepe, anadutsa pakati pa anthu mutu uli m'mwamba, n'kuika kiyi m'dzanja la Bambo Medforth asanamupemphe. Mayi wina anawalavulira pa nsapato. Iwo anangoti, "Mwaphonya, Doris, nkhope ili kuno."

Ife asanu tinafuna kusiya nawo. Anatikalipira kuposa tsiku lina lililonse. "Ajeremani alephera kutseka pakamwa mabelu awa, ndiye inu mukufuna kuwamalizira ntchito? Mawa ndi Lamulungu. Mukwere."

Anakhala kunja kwa nsanja zaka khumi ndi zisanu. Nkhondo itatha, mabelu a dziko lonse akulira, iwo anaima panja pa udzu, Norman dzanja ili, Hilda dzanja ili. Sanajombe ku tchalitchi ngakhale Lamulungu limodzi. Ankakhala pa benchi yakumbuyo, pansi pa nsanja penipeni, ndipo tikatsika ankatilandira ndi mawu akuti, "Belu lachitatu linachedwa." Ankasesa m'tchalitchi, ankaphunzitsa ana Mawu a Mulungu, anali mu bungwe la amayi, ankagona pa matenda a anthu omwewo amene anasiya kuwapatsa moni. Makalata ankagawabe nyumba iliyonse, ya a Medforth yomwe. Ansembe awiri otsatizana anawauza kuti akangopepesa kwa akuluampingo kiyi abwerera. Iwo ankati, "Kwa a Cyril ndinapepesa kale za mawu aja, anandimva ngakhale sanayankhe. Za belu ndilibe chopepesa." Pa ngodya ya kumpoto paja udzu sunkakula, chifukwa ankaumweta okha. Dzina lija pa khoma ife sitinalifufute, ndipo Bambo Medforth, amene ankaliona nthawi iliyonse akakwera, sanalifufutenso.

Mu Seputembala 1958, Lachitatu m'mawa, basi inatsitsa mayi wina wachilendo wovala chikhoti chotuwa, atanyamula maluwa. Anafunsa anthu awiri njira ya kumanda, koma atamva kalankhulidwe kake anamulozera ndi chibwano. Analowa mu positi ofesi n'kuonetsa kapepala kolembedwa dzina. Anali Mayi Irmgard Vollmer, mlongo wake wa Dieter, ochokera ku Hamburg. Chingerezi ankadziwa chochepa. Tinadzamva pambuyo pake kuti mayi awo anapsera m'nyumba mu 1943, ndege zathu zitatentha mzinda wawo. Mayi Ethel anawerenga kapepalako, anavula magalasi, ndipo asanapereke n'komwe moni anafunsa kuti, "Anali ndi zaka zingati?" Mlendoyo sanamve. Anabwereza pang'onopang'ono, akuloza dzinalo. Mlendoyo anatambasula zala zonse, kawiri, kenaka chala chimodzi.

Mayi Ethel anatseka positi ofesi dzuwa lili pamutu, chinthu chimene sanachitepo ngakhale tsiku la mabomba. Anagwira mlendoyo pa mkono, anandiitana ine pa mpanda ndikuyanika zovala, ndipo tinapita tonse atatu kwa Bambo Medforth. Tinawapeza akukumba mbatatesi. Anali ndi zaka 70, akuyenda ndi ndodo.

"A Cyril, awa ndi alongo ake a mnyamata uja. Zaka zapezeka. Ndi 21. Ndinayamba mu 1943, ndikufuna ndikamalize."

"Simunatope nazobe, Ethel?"

"Inu mwatopa?"

Bambo Medforth anayang'ana mlendoyo nthawi yaitali, mlendoyo naye n'kumawayang'ana, maluwa ali m'manja. Kenaka anati, "Kiyi sindikupatsani. Akuluampingo anagamula." Anapukuta manja pa buluku, anatenga ndodo yawo, anatuluka pa geti n'kulunjika ku tchalitchi, ife tikutsata pambuyo. Anatsekula okha chitseko cha nsanja n'kuima pambali. "Sindinakupatseni," anatero. "Ndangotsekula."

Mayi Ethel anakwera. Zisanu ndi zinayi zija sanazibwereze, poti zinali zitalira kale. Anangoyambira pamene anasiyira. Martha Wamkulu analira ka 21, mlendo ataima pa ngodya ya kumpoto, anthu akutuluka m'nyumba kudzaona kuti wamwalira ndani. Ine ndinali pansi pa masitepe ndi Bambo Medforth. Anali atavula chipewa, milomo ikuwerenga. Belu linasiya. Kenaka anakweza mutu n'kufuula m'masitepe muja:

"Ethel! Musapachike chingwe. Leonard anali ndi 22."

Abale, ndaliza mabelu zaka 48, koma kulira kwa tsiku limenelo sindinakumvenso. Katatu, katatu, katatu, kenaka 22. Litatha, Bambo Medforth anavala chipewa n'kumapita kwawo. Kiyi anamusiya pa chitseko. Palibe amene anaitanitsanso msonkhano. Patatha zaka zitatu, Bambo Medforth atamwalira, amene anawalizira ndi Mayi Ethel, monga iwo eni anapempha.

Kuyambira 1958 malemuwa anatsogolera oliza mabelu mpaka 1979, pamene mawondo anakana masitepe. Anaphunzitsa anthu oposa makumi anayi, ndipo asanu ndi mmodzi amene ali m'nsanja lero onse anadutsa m'manja mwawo. Mayi Vollmer ankalemberana nawo makalata Khrisimasi iliyonse mpaka pamene anamwalira mu 1981, ndipo mwana wawo watumiza nkhata ya maluwa imene mukuiona pa bokosipo.

Matenda anayamba mu Janyuwale chaka chino, pamene anagwa m'khitchini n'kufa mbali imodzi. Anagonekedwa m'chipatala ku Hull milungu isanu, kenaka anaumirira kubwerera kwawo. Anauza adokotala kuti, "Kuno sindikumva mabelu anga, ndiye ndidziwa bwanji ngati akulakwitsa?" Hilda ndi akazi a Norman anawasamala usana ndi usiku. Lamulungu lapitali analandira Mgonero wa Ambuye ali pa bedi, ndipo anaimba nafe nyimbo ya kuuka kwa akufa, mawu okwera ngati kale. Anandiitana pafupi n'kunena kuti, "Muriel, ukaone ndi maso ako kuti lilime ndi lomasula. Ndipo zaka zanga ndi 81. Musandichotsere ngakhale chimodzi, zonse ndinazivutikira. Musathamangenso, ine sindikufulumira." Anamwalira mwamtendere Lachiwiri pa 19 Epulo 1988, cha m'ma 10 koloko m'mawa.

Sitikulira ngati anthu opanda chiyembekezo. Mabomba sanawagonjetse, chidani sichinawagonjetse, ndipo dzenje ili nalonso silidzawasunga mpaka kalekale. Lipenga lomaliza likadzalira, palibe boma limene lidzalimange lilime, ndipo a ku ngodya ya kumpoto adzadzuka pamodzi ndi a pakati.

Malemu Mayi Ethel Garbutt asiya ana awiri, Bambo Norman Garbutt ndi Mayi Hilda Cammish, apongozi awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi zidzukulutudzi zinayi. Asiyanso mpingo uno, ndi ife ana awo a m'nsanja. Kiyi anamusiya m'manja mwa mdzukulu wawo Ruth, amene ali m'mwambamo panopa, chingwe chili m'manja.

Ndakwera m'mawa uno ndipo ndaona ndi maso anga. Lilime ndi lomasula. Bokosi likamatuluka, abambo vulani zipewa, ndipo tonse tiwerenge: katatu, katatu, kenaka 81.

Ambuye amene anawatumikira awalandire, ndipo mzimu wawo upumule mu mtendere.